Anthu 12 miliyoni aja anapita kuti? Kuwerenga manambala a magemu a pa intaneti musanalipire

Mu Okutobala 2010 kampani ya Blizzard inalengeza kuti anthu olipira kuti azisewera gemu yake ya World of Warcraft afika 12 miliyoni. Kumapeto kwa Seputembala 2015 anali atatsala 5.5 miliyoni, ndipo mu Novembala chaka chomwecho eni kampaniyo anati chiwerengerochi sadzachitulutsanso. M'zaka zisanu zimenezo, nthawi iliyonse imene nambala yatsika pankabwera chifukwa chosalala bwino, chosita ngati malaya a ku ukwati. Zifukwazo n'zofunika kuziunika, chifukwa mawu omwewo ndi amene akunenedwabe ndi makampani a magemu amene adzaza m'mafoni a achinyamata pa Chitakale, pa Luchenza ndi ku Goliati.

Osewera World of Warcraft kwathu kuno ndi owerengeka, zimenezo n'zodziwikiratu. Gemuyi imafuna kompyuta, intaneti yosadukaduka ndi madola 14.99 mwezi ndi mwezi. Ambiri tili pa Free Fire, PUBG Mobile, Call of Duty Mobile ndi eFootball. Koma ndi World of Warcraft imene inasiya mapazi ooneka, chifukwa miyezi itatu iliyonse eni ake ankauza ogula masheya chiwerengerocho, kenako n'kufotokoza chimene chatsitsa. Munthu akaika manambalawo pambali pa zifukwazo amayamba kumva chilankhulo cha makampaniwa, ndipo chilankhulocho n'chimodzi, kaya gemuyo ndi ya pa kompyuta kaya ya pa foni.

Funso loyamba nthawi zonse likhale lakuti, akuwerenga ndani? Blizzard inkalemba tanthauzo la wolipira m'munsi mwa chilengezo chake, pamalo amene ambiri sankafikapo powerenga. M'gululo munali amene walipira mwezi umenewo, amene ali ndi khadi yolipiriratu yomwe sinathe, amene wangogula gemuyo ndipo akadali m'mwezi woyamba waulere, komanso aliyense amene walowamo m'masiku 30 apitawo ali m'nyumba zosewereramo magemu, zomwe n'zofala ku Asia. Apa ndi pamene masamu amasokonekera. Ku China anthu sankalipira pamwezi. Ankagula nthawi n'kumaidya pang'onopang'ono ngati mayunitsi a foni. Choncho mnyamata wa kumeneko amene walowa ola limodzi mwezi wonse ankawerengedwa chimodzimodzi ndi wa ku America amene wapereka madola 14.99. Zili ngati mwini shopu ya magemu pa Limbuli kuwerenga mofanana kasitomala wa tsiku ndi tsiku ndi uja anangopatuka kamodzi tsiku la msika kudzamenya mpira umodzi akudikira minibasi.

Mukadziwa zimenezi, chifukwa chimene chinkabwerezedwa kwambiri chimamveka. Mu 2011 nambala inachoka pa 11.4 miliyoni mu Malichi n'kufika pa 10.3 miliyoni mu Seputembala, kampani n'kunena kuti ambiri amene achoka ndi a Kum'mawa. Kumayambiriro kwa 2013 inachoka pa 9.6 n'kufika pa 8.3 miliyoni m'miyezi itatu, yankho n'kukhala lomwelo, ngakhale ulendo uno anavomereza kuti Kumadzulo nakonso kwachoka ena. Sanali kunama ayi. Kungoti mawuwa ankapita kwa eni masheya, ndipo tanthauzo lake linali lakuti amene achokawo ndi olipira pang'ono, thumba silinabooke kwenikweni. Wosewera sapindula kanthu ndi nkhani imeneyo. Iye chimene akufuna kudziwa n'chakuti pa seva yake (kompyuta ya kampani imene osewera amakumanirapo), nthawi imene iyeyo amasewera, pali anthu angati.

Chifukwa chachiwiri chinachokera kwa Mike Morhaime, yemwe ankatsogolera Blizzard nthawiyo. Mu 2011, patangopita miyezi yochepa chitulukireni gawo latsopano la Cataclysm, iye anati osewera aidziwa kwambiri gemuyo moti zatsopano akuzimaliza msanga kusiyana ndi kale. Izinso n'zoona, ndipo ndi nthenda ya magemu onse a mtundu umenewu. Malo atsopano, adani atsopano ndi nkhani yatsopano zimatengera antchito ambirimbiri miyezi yochuluka kuti azikonze, koma gulu la akatswiri limazimaliza m'masabata ochepa, wina n'kuika vidiyo pa YouTube yosonyeza njira yonse, otsalawo n'kumangotsata. Komabe chifukwa chimenechi ine sindichilandira ndi manja awiri. Wophika sangadandaule kuti alendo akudya mofulumira pomwe ufa anayeza yekha. Taonani zimene zinadzachitika: nkhondo yomaliza ya gawo la Mists of Pandaria, yotchedwa Siege of Orgrimmar, inatsegulidwa mu Seputembala 2013, ndipo gawo lotsatira la Warlords of Draenor linadzatuluka mu Novembala 2014. Miyezi 14 anthu akumenya mdani yemweyo sabata ndi sabata. Amene sanasiye kulipira pamwezi anapereka madola pafupifupi 210 pa nthawi imeneyo. Pofika Juni 2014 nambala inali pa 6.8 miliyoni.

Chachitatu ndi chija choti ndi nyengo chabe, adzabweranso. Ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo za nyengo sititi atiuze ndi munthu. Tiyi amathyoledwa wambiri m'dzinja, nthawi yachisanu ndi yachilimwe masamba amachepa, ndipo palibe amene amati esiteti ikufa chifukwa choti makilo a mu Julayi ndi ochepa poyerekeza ndi a mu Januwale. Wodziwa amayerekeza Januwale ndi Januwale mnzake, Julayi ndi Julayi mnzake. Gemu nayonso iyezeni chomwecho, nsonga ndi nsonga, chigwa ndi chigwa. Nsonga zake zinali 12 miliyoni mu 2010, kupitirira 10 miliyoni Mists of Pandaria itatuluka mu 2012, ndi kupitiriranso 10 miliyoni Warlords itatuluka mu 2014. Mukayang'ana pamenepo pokha, zinthu zikuoneka ngati zili bwino ndithu. Tsikirani m'zigwa muone: 9.1 miliyoni mu Juni 2012, 6.8 mu Juni 2014, 5.5 mu Seputembala 2015. Onaninso liwiro la kutsikako. Pambuyo pa Warlords anthu 2.9 miliyoni anachoka m'miyezi itatu yokha, nambala n'kufika pa 7.1 miliyoni mu Malichi 2015. Anthu ankabwera kudzasuzumira zatsopano n'kubwerera mofulumira kuposa kale. Nyengo inalipodi, koma ulendo uliwonse chigwa chinkazamirabe.

Nambala imathanso kuchirikizidwa ndi mtengo kuti isagwe. Mu Okutobala 2011 Blizzard inati aliyense amene alonjeze kulipira miyezi 12 adzapatsidwa gemu ya Diablo III mwaulere, ndipo anthu oposa 1 miliyoni analonjeza. Onsewo ankawerengedwa ngati olipira chaka chonse, kaya akulowa kaya sakulowa. Diablo III itatuluka mu Meyi 2012, kampani yomweyo inati ena mwa osewera ake apita kumeneko. Ndiye kuti wolipira ndi munthu amene mukumana naye m'gemu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Star Wars: The Old Republic ya kampani ya EA inaonetsa zomwezi mwachidule. Inatuluka mu Disembala 2011. Mu Febuluwale 2012 analengeza olipira 1.7 miliyoni, mu Meyi anali 1.3 miliyoni, ndipo EA inati amene achoka ndi ongolawa ndi osewera mwa apo ndi apo. Pakati pa chakacho anatsika n'kukhala osakwana 1 miliyoni, ndipo mu Novembala 2012, chaka chisanathe, gemuyo inasanduka yolowa mwaulere. Aliyense wogula gemu yotere amapatsidwa mwezi woyamba, choncho nambala ya masabata oyambirira imangosonyeza kuti otsatsa malonda anagwira ntchito. Mayeso enieni amabwera mwezi wachitatu ndi wachinayi, pamene munthu wafika kumapeto kwa nkhani n'kudzifunsa ngati alipirenso.

Nambala ikaipa amasintha muyezo

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Blizzard itasiya kutulutsa chiwerengero cha olipira inayamba kutulutsa cha anthu amene alowa m'magemu ake pamwezi, chimene m'malipoti amachilemba kuti MAU. Muyezo umenewu ndi wofewa kwambiri. Kulowa kamodzi n'kokwanira kuti muwerengedwe, ngakhale simunalipire kalikonse. Munthu mmodzi wosewera magemu awiri a kampaniyo amawerengedwa ngati anthu awiri. Ndiponso magemu onse ankaphatikizidwa pamodzi, moti simukanadziwa kuti ikukwera ndi iti, ikutsika ndi iti. Ngakhale zinali choncho, nambalayi nayonso inachoka pa 46 miliyoni pakati pa 2017 n'kufika pa 26 miliyoni pakati pa 2021.

Yofewetsetsa kuposa zonse ndi ya maakaunti olembetsedwa. Mu Januwale 2014 Blizzard inanyadira kuti World of Warcraft yafika maakaunti 100 miliyoni chiyambireni, nthawi imene olipira anali 7.8 miliyoni. Nambala yotere singatsike ngakhale gemu itafa lero. N'chimodzimodzi kuwerenga ma SIM card onse amene anagulidwapo pa Thyolo boma, kuphatikizapo otayika, othyoka ndi a anthu amene anapita ku Joni kalekale. Nambala ya ma download imene mumaona pa Play Store ili m'gulu lomweli.

Pali chinanso chimene chimaonetsa kuti kampani siidziwa nthawi zonse chimene chathamangitsa anthu ake. Pa msonkhano wa BlizzCon mu 2013 wina anafunsa ngati angabwezeretse gemuyo mmene inalili kale, ndipo J. Allen Brack, mmodzi wa akuluakulu oyang'anira gemuyo, anamuyankha kuti osewera amangoganiza kuti akuifuna koma sakuifuna. Mu Ogasiti 2019 anaitulutsabe, dzina lake World of Warcraft Classic, anthu n'kudzaza mpaka kudikira maola pamzere kuti alowe. Kampaniyo inauza eni masheya kuti olipira anakwera kuposa mmene anakwererapo m'miyezi itatu ina iliyonse. Anakwera kufika pati? Nambalayo sanaitchule.

Tibwere pa foni. Garena, mwini wa Free Fire, ndi gawo la kampani ya Sea ya ku Singapore, ndipo imatulutsa manambala awiri othandiza. M'miyezi ya Julayi mpaka Seputembala 2021 osewera magemu ake anali 729 miliyoni, ogula zinthu ndi ndalama anali 93.2 miliyoni. M'miyezi itatu yomaliza ya 2022 osewera anali 485.5 miliyoni, ogula 43.6 miliyoni. Kampani inaloza kutha kwa nthawi ya Covid-19, pamene anthu anabwerera kusukulu ndi kuntchito, ndipo n'zoonanso kuti boma la India linaletsa Free Fire mu Febuluwale 2022. Koma chitani masamu nokha. Osewera anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pomwe ogula anachepa kupitirira theka. Gemu yaulere imakhala ndi moyo chifukwa cha ochepa amene amagula ma diamond (ndalama zogulira zinthu m'gemu), ndiye ogulawo akachepa, otsalawo ndi amene amafinyidwa: maspini, aja oyesa mwayi ndi ma diamond, amachuluka, zovala zogulitsa kwa masiku ochepa zimabwera motsatizana, uthenga wokukumbutsani kugula sukusiyani. Free Fire inadzakweranso m'zaka zotsatira, choncho kutsika kwa nambala si maliro nthawi zonse.

Chimene sachinena, ndi chifukwa chake chimayambira kwa ife

Chifukwa chachikulu chimene anthu amasiyira gemu ya pa intaneti sichilembedwa m'malipoti: anzawo achoka. Magemu amenewa amayenda ngati chipereganyu. Mmodzi akatuluka, otsalawo amayamba kukayika, wachiwiri akatuluka gulu limabalalika ngakhale palibe amene wakangana ndi mnzake. Nkhondo zikuluzikulu za World of Warcraft m'zaka zimenezo zinkafuna anthu 10 kapena 25 olowa nthawi imodzi. Pakasowa awiri ochiritsa anzawo, madzulo onse apita pachabe, ndipo zikachitika kawiri katatu enanso amaleka kubwera. Squad ya Free Fire ndi anthu anayi. Wina akagulitsa foni kuti agule feteleza, wina akalowa mayeso a MSCE, awiri otsalawo amaponyedwa ndi alendo osamvana nawo chilankhulo, kukoma n'kutha. N'chifukwa chake kutsika kukayamba kumathamanga mofulumira kuposa mmene zifukwa za kampani zingafotokozere.

Tsono mkati mwa gemu mumachitika izi. Mukadina kuti muyambe, pulogalamu yosakira anzanu imafuna anthu okwanira, 50 pa Free Fire kapena 100 pa PUBG Mobile, a luso lofanana ndi lanu komanso oyandikira seva imodzi. Ikawasowa imayamba kumasula malamulo ake. Imalola a luso losiyana kwambiri, n'chifukwa chake mumapezeka mwagwetsedwa ndi katswiri musanatole n'komwe mfuti. Imalola seva yakutali. Ikalepherabe imadzaza malo otsalawo ndi ma bot, osewera abodza oyendetsedwa ndi kompyuta. Amadziwika: amayenda molunjika, amawombera ataima poyera, amatulukira pafupi nanu osadziwika kumene achokera, ndipo mukawagwetsa m'bokosi mwawo mumakhala tinthu tochepa.

Ife tili kumapeto kwa chingwe, ndiye timayamba ndife kumva kuwawa. Magemu akuluakuluwa alibe maseva m'Malawi. Kuwala m'chingwe cha fibre kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa millisecond imodzi (sekondi imodzi ili ndi ma millisecond 1,000). Johannesburg ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Blantyre mukayeza molunjika, choncho seva ya kumeneko ikhoza kupereka ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva n'kubwerako) yabwino ngati njira yake siizungulira. Ulendo wa ku Ulaya ndi wina: uthenga umayamba wafika kunyanja kudzera ku Mozambique kapena ku Tanzania, kenako n'kutsata zingwe za pansi pa nyanja. Njirayo ikakhala ya makilomita 12,000, kupita ndi kubwera ndi ma millisecond 120, musanaonjezerepo kuchedwa kwa pa tawala ya foni ndi kwa makina a m'njira. Palibe pulogalamu yochepetsa ping imene ingafupikitse mtunda umenewo. Osewera akachepa, kampani imayamba kuphatikiza madera ang'onoang'ono ndi akuluakulu, ndipo wa ku Bvumbwe amapezeka akulimbana ndi munthu amene seva ili pakhomo pake.

Koma musafulumire kunena kuti gemu yafa pomwe vuto ndi netiweki yanu. Tengani kope, kwa masabata awiri muzilemba zinthu zinayi nthawi yofanana tsiku lililonse, tinene pakati pa 7 ndi 9 koloko madzulo: masekondi amene mwadikira kuti masewera ayambe, ping imene ikuoneka pakona, anzanu angati a pa mndandanda wanu amene alowa, ndi ma bot angati amene mwakumana nawo. Kudikira nthawi yaitali ping ili yotsika ndiye kuti anthu achepa m'dera lanu kapena m'mtundu wa masewera umene mwasankha. Kulowa msanga koma ping ili pamwamba ndiye kuti mwina mwatumizidwa ku seva yakutali. Ping yodumphadumpha, pano 90 pano 400, kawirikawiri ndi ya kwanu komweko. Yesani layini ina, ngati muli pa TNM yesani Airtel kapena mosinthanitsa. Onani ngati foni sikutsitsa ma update mwakachetechete, ngati simunagawire anthu atatu hotspot, ndiponso ngati foniyo sinatenthe, chifukwa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha, chithunzi n'kumadukaduka ngati vuto la intaneti pomwe netiweki ilibe mlandu. Masiku amene magetsi azima nthawi yaitali muwalembe padera. Zakutali nazonso zimatikhudza: pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka m'nyanja, intaneti inavuta m'maiko angapo a dera lino, ndipo ping ya masiku amenewo sikanakuuzani chilichonse chokhudza gemu.

Kwa a pa kompyuta, masamba a SteamDB ndi Steam Charts amaonetsa anthu amene ali m'gemu nthawi imodzi. New World ya Amazon inapitirira 900,000 itangotuluka kumapeto kwa 2021, ndipo patangopita miyezi yochepa inali itataya ambiri mwa iwo, aliyense akuona. Kumbukirani kuti masambawa amawerenga okhawo olowera pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta. A pa PlayStation, a pa foni ndi a World of Warcraft, yomwe ili ndi khomo lakelake, sapezekamo.

Zochita za kampani zimanena zambiri kuposa malipoti ake. Kuphatikiza maseva ndi chizindikiro chosabisika, ngakhale amakonda kukupatsa dzina lokoma. Blizzard mu 2013 inati ikulumikiza maseva, dzina lake Connected Realms. Ma update akayamba kutalikirana, kapena akamabwera ndi zogulitsa zokhazokha popanda malo atsopano osewerera, dziwani kuti antchito asamutsidwira kwina. Mphatso za obwerera zikamaposa za okhalitsa, ndiye kuti ochoka achuluka. Kusanduka yaulere nthawi zina kumapulumutsa, monga The Old Republic yomwe ikadalipo, koma WildStar inatuluka mu Juni 2014, inakhala yaulere mu Seputembala 2015, n'kutsekedwa mu Novembala 2018. Chizindikiro chomaliza ndi kutsekedwa kwa sitolo ya m'gemu, ndipo pamenepo nthawi yatha kale. Apex Legends Mobile inatuluka mu Meyi 2022. Kumapeto kwa Januwale 2023 EA inalengeza kuti ikuitseka, inaimitsa kugula, inanena kuti ndalama zimene anthu anaikamo sizibwezedwa, ndipo pa 1 Meyi 2023 maseva anazima. Chaka sichinakwane.

Nthawi zina gemu imatsekedwa anthu akadalimo. Mu Januwale 2023 World of Warcraft inazima ku China chifukwa mgwirizano wa Blizzard ndi kampani ya NetEase unatha osagwirizananso, ndipo inadzabwerera mu Ogasiti 2024. Osewera a kumeneko sanalakwe kanthu, anangokhala udzu pa ndewu ya njovu.

Kampani imodzi yokha ndi imene ndingaiyamikire pa kafotokozedwe. Final Fantasy XIV itatuluka mu Seputembala 2010 n'kukanidwa ndi osewera, kampani yake, Square Enix, inavomera poyera kuti gemuyo sinafike pamene imayenera kufika. Inapepesa, inaimitsa malipiro a pamwezi kwa nthawi yoposa chaka, inaika Naoki Yoshida kuti atsogolere, inazimitsa maseva mu Novembala 2012 n'kuitulutsanso yomangidwa mwatsopano mu Ogasiti 2013. Mu Disembala 2021 inafika poimitsa kaye kugulitsa gemuyo chifukwa maseva anadzaza. Kunena kuti tinapanga chinthu chosakoma n'kosowa m'malipoti, chifukwa Covid-19, China ndi nyengo sizichotsetsa munthu ntchito.

Ndalama

Pali chifukwa china chimene simudzachimva kwa kampani iliyonse, poti msika wathu ndi waung'ono kwa iwo: kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Madola 14.99 omwe aja anachoka pa K17,700 n'kufika pafupifupi K25,500 gemu isanasinthe kalikonse, ndipo amene amagula kudzera kwa anthu ogulitsa madola pamsika wapadera amalipira zoposa pamenepo. Onjezerani bandulo. Kusewera kwenikweniko sikudya data yambiri, chimene chimamaliza bandulo ndi ma update, omwe ena amafika ma GB angapo. Zimitsani zoti foni izitsitsa yokha, muzitsitsa pa Wi-Fi kapena ndi bandulo ya usiku, ndipo muonetsetse kuti m'foni muli malo okwanira musanayambe, chifukwa update ikakanika pakati nthawi zina imayambiranso pachiyambi.

Kulipiriratu miyezi yambiri kumakopa, koma werengani. World of Warcraft kwa zaka zambiri yakhala ikugulitsa miyezi 6 pa madola 77.94, kutanthauza 12.99 pamwezi. Mwapulumutsa madola 12. Koma mukaphonya mwezi umodzi wokha, kaya ndi magetsi, kaya ndi kumunda, kaya kompyuta yafa, phindu lonselo lapita, pakuti miyezi isanu yolipira umodziumodzi ndi madola 74.95. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ma pass a pa foni, aja ogula kuti muzilandira mphatso za m'gemu kwa nyengo imodzi, nawonso ndi chimodzimodzi: mphatso zake zimatuluka pokhapokha mukasewera masiku ambiri m'nyengoyo, ndiye musagule sabata yomaliza kapena mwezi wa mayeso.

Kuchotsa gemu m'foni sikuimitsa malipiro obwerezabwereza. Tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pakona, lowani pa Payments & subscriptions, kenako Subscriptions, sankhani gemuyo n'kudina Cancel subscription. Masiku amene munalipira kale mumawagwiritsabe ntchito mpaka atathe. Ngati mumagula ma diamond kapena UC (ndalama za mu PUBG Mobile) kudzera kwa wina amene mumamutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, mpatseni nambala yanu ya wosewera yokha. Wofuna password ya Facebook kapena ya Google akufuna akaunti yanu, ndipo wogulitsa motchipa mokayikitsa mwina akugwiritsa ntchito makhadi obedwa. Mwini khadiyo akadandaula, ndalama zimabwezedwa ndipo akaunti imene imalangidwa ndi yanu. Amene akusewerabe ngati guest amangirire akaunti yake ku Google kapena Facebook lero lomwe, chifukwa foni ikatayika kapena gemu ikachotsedwa zonse zimapita nayo.

Eni mashopu a magemu, a pa Luchenza, pa Muloza ndi kwina, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri chifukwa inu mumagula ndi ndalama za bizinesi. Gemu yodalira seva ya kampani si katundu wanu ngakhale chimbale chili m'manja mwanu. Kampani ya Ubisoft itazimitsa maseva a gemu yake ya The Crew kumapeto kwa Malichi 2024, ngakhale amene anali ndi chimbale sanathenso kusewera, poti gemuyo sinkayamba popanda kulumikizana ndi seva. Musanagule gemu ya mu shopu, makamaka yogula kwa munthu, zulani chingwe cha intaneti, zimitsani Wi-Fi, yatsaninso makinawo, lumikizani mapadi awiri, muone ngati anthu awiri angayambe mpira kapena ndewu mpaka kumaliza. Ngati makinawo anabwera ndi magemu otsitsidwa pa akaunti ya wogulitsayo, chitani mayeso omwewo iye ali pomwepo, ndipo mufunse chimene chidzachitike akadzasintha password kapena akadzaika akauntiyo pa makina ena, chifukwa tsiku limenelo magemuwo akhoza kuoneka ndi kachizindikiro ka loko.